Sewero la a Dona a ku Brazil

Chitseko chija chinali chobiriwira, utoto utasupuka m'munsi momwe agalu ankakanda, ndipo chinalibe nyumba. Anachizula pa kantina, sitolo ya Mpwitikizi wina amene anathawa ufulu utabwera, n'kuchiimika pamodzi ndi mphuthu zake pansi pa bulugama kuseri kwa shikola yathu ku Furancungo, atachichirikiza ndi njerwa. Munthu ukanatha kuchizungulira mbali iliyonse, koma a Dona sankalola. Wofuna kufika mbali inayo ankayenera kugogoda, kudikira, n'kulowa monga amalowera m'nyumba ya eni. Mnyamata wina atachilambalala tsiku lina, anamuuza kuti waboola khoma ndi mutu, abwerere akapepese.

A Dona anali mayi wa ku Brazil, mkazi wa a dotolo amene boma linawatumiza ku chipatala cha kwathu masiku a nkhondo. Ine ndinali ndisanakwanitse zaka khumi. Amayi anga ankagwira ntchito pa chipatala chomwecho, kuchapa mabandeji ndi kuwiritsa majekeseni, ndipo manja awo ankanunkha mankhwala ngakhale akusenda nthochi. Bambo anga ankayendetsa kamiyao yonyamula chimanga kupita ku Tete. Popeza msewu unali utaipa, ankayenda pa kolona, mdipiti wa magalimoto operekezedwa ndi asilikali. Chaka chimenecho ananyamuka anthu atangomaliza kukolola. Nyengo imene ndikukumbukayi ndi yachisanu yotsatira, pamene tinkawadikira.

Mbiri ya a Dona inafika iwo asanafike, yoti kukubwera mkazi wa m'kanema. Ife kanema tinali titamuonapo pamene galimoto ina inadzawalitsa zithunzi pa khoma la msika, choncho tinkayembekezera mzungu wamtali wa tsitsi lofika m'chiuno. M'galimoto munatsika mayi wamfupi, woyererapo pang'ono chabe kuposa ife, wa imvi m'mbali mwa makutu, atavala buluku la amuna. Ankasuta fodya ngati nkhalamba ya kumudzi. Chipwitikizi chawo chinali choyimba, chotafuna mawu, moti aphunzitsi athu ankachita tsinya pomvetsera. Akafuna kuti tibwereze kanthu ankati "ji novu", ndipo posakhalitsa shikola yonse inkawatchula kuti a Jinovu, iwo akakhala patali.

Sanali namwino, sanalinso mphunzitsi. Atatopa kukhala pakhonde kuyang'ana odwala akudutsa, anapita kwa aphunzitsi kukapempha ana oti apange nawo sewero. Aphunzitsi anavomera msanga, chifukwa akuluakulu a boma anali atalamula kuti shikola idzaonetse kanthu alendo akadzabwera kuchokera ku Tete.

Sewerolo linali la mkazi amene mwamuna wake anapita ku migodi ya ku Joni. Pachitseko pakamveka kugogoda, mkaziyo amathamanga poganiza kuti ndi iye. Koyamba amapeza mnansi wopempha mchere, kenako woledzera wosochera nyumba, kenako mbuzi. Pomaliza amapeza mlendo atanyamula gombeza la mwamuna wake, lopindidwa bwino. Posankha woti akhale mkaziyo, a Dona sanatipatse mawu oti tinene. Anangoti aliyense aime kuseri kwa chitseko adikire. Anzanga ankadzikanda, ankayasamula, ena ankaphulika kuseka. Ine ndinaima monga ndinkaonera amayi akuima madzulo, injini ikamveka kuphiri: manja atawabisa m'kapulana, chitenje chawo, mutu utapendekeka, khutu limodzi lili kumsewu. Sindinaganize kuti ndikusewera. A Dona anandiyang'ana nthawi yaitali, fodya akupsa yekha pakati pa zala.

"Uyu akudziwa kudikira," anatero kwa aphunzitsi.

Kuyambira tsiku limenelo ndinalibe chinthu china m'mutu. Tinkakumana masana tikaweruka, mphepo ikuluma m'mapazi osweka, masamba a bulugama akutigwera m'tsitsi. Mawu anga omaliza ndinkawanena potunga madzi, posinja, ngakhale kwa nkhuku. Mlendo akamandipatsa gombeza ndinkayenera kubweza manja kumbuyo n'kunena kuti, "Ikani pansipo. Musandipatse m'manja. Ndikaligwira ndiye kuti ndavomera." Kenako mkaziyo amayamba kufotokozera mlendoyo za denga lodontha limene mwamuna wake adzafolere akabwera. Ine ndinkafuna kulira pamenepo, kulira kokhala ngati kwa pamaliro, kogubuduka pansi. A Dona ankakana. Ankati ndikalira ine, oonera apumula. Ndigwire misozi, alire ndi iwo. Ndinkabwereza mpaka mmero kuuma, iwo ali "ji novu, ji novu", osatopa.

Za moyo wawo ankatiuza pang'onopang'ono tikapuma, atakhala pa njerwa n'kumasenda mbatata yootcha imene tinkawagawira. Anabadwira kudera louma la dziko lawo, kwa mayi wochapa zovala za anthu olemera. Ali mtsikana anathawira ku mzinda waukulu wa m'mbali mwa nyanja yamchere, n'kukapeza ntchito yosita zovala m'nyumba ya masewero. Mawu a sewero lililonse ankawaloweza ali kuseri kwa nsalu, simbi ili m'manja. Tsiku lina wosewera wina atadwala anawakankhira kutsogolo, ndipo sanabwererenso ku simbi. Koma malo amene ankawapatsa anali amodzimodzi chaka ndi chaka, a wantchito wa m'nyumba. Eni masewero ankati nkhope yawo ndi ya kukhitchini.

Anationetsa. Anatola kathabwa kolembapo ngati mbale ya chakudya, anagogoda pa chitseko chathu, analowa, anawerama n'kunena kuti, "Chakudya chakonzeka, madame," n'kutuluka. Tinagubuduka ndi kuseka, n'kuwapempha kuti abwereze. Anabwereza, koma ulendo uno anali wantchito wakuba, diso lili pa masupuni. Kenako anali wantchito wogwa m'chikondi ndi mwana wa bwana, kenako wantchito wa dzino lowawa. Mawu anali omwewo, koma anthu anali osiyana. Ankati utsikana wawo wonse unathera m'mawu ochepawo. M'kanema namonso ankavala chovala chomwecho cha kukhitchini, ndipo dzina lawo linkatuluka kumapeto, anthu atayamba kale kutuluka m'holo.

Mwayi weniweni anaupeza kamodzi. Munthu wina analemba sewero la mkazi wa kudera louma lija, n'kunena kuti palibe wina angalisewere koma iwo. Anakonzekera miyezi yambiri. Tsiku loyamba kulionetsa anapeza zitseko za nyumba ya masewero zitamangidwa ndi unyolo, asilikali ataima kutsogolo, pakuti kwawonso masiku amenewo kunkalamulira asilikali. Wolemba uja anamutenga ndipo sanaonekenso. Iwo anathawira kunja, komwe anakakumana ndi a dotolo. Nkhani imeneyi ife sinatikhudze. Tinadikira kuti amalize, kenako tinapempha wantchito wa dzino lowawa.

Masiku ano ma novela a kwawo akamaonetsedwa pa televizao, ine sindiyang'ana okongola amene akulira kutsogolo. Ndimayang'ana kumbuyo kwawo, kwa amene akulowa ndi mbale. Ana anga amandiseka. Sindinawapezepo.

Mkangano woyamba unali wa chilankhulo. Aphunzitsi ankafuna kuti sewero lonse likhale m'Chipwitikizi, chifukwa pa shikola ya boma wolankhula Chichewa ankagwada pamiyala. A Dona, amene Chichewa chawo chinkathera pa moni, ndi amene ankachimenyera nkhondo.

"Adzaonere ndani?" anafunsa. "Si amayi awo? Nanga adzalira m'chilankhulo chanji?"

"Alendo a ku Tete sakubwerera kulira, kamarada," anayankha aphunzitsi.

Anagwirizana kuti ogogoda azilankhula Chipwitikizi, kupatula mbuzi, ndipo ine ndekha ndizilankhula chakwathu. Koma aphunzitsi anawonjezera kuti kumapeto ana onse alowe ndi makasu paphewa akufuula viva. A Dona anaponya fodya pansi n'kumupondaponda ngati chinkhanira. Nthawi imeneyo ndinkawaona aphunzitsi ngati munthu wouma mutu. Lero ndikudziwa kuti anali mnyamata wamantha, wotumizidwa kutali ndi kwawo, amene usiku ankakagona kutchire chifukwa anthu a mfuti akalowa m'mudzi ankayamba kufunsa za aphunzitsi ndi anamwino. Komabe makasu aja ankaipitsa sewero, ndipo pamenepo sindinasinthe maganizo.

Chisanu chili pakati kunabwera malume, mlongo wa amayi, kuchokera kumudzi kwawo ku Ntengo-Wambalame. Nthawi zonse ankabwera ndi thumba la kachewere pa njinga. Ulendo uno anabwera wapansi, chimanjamanja, milomo itauma. Anakhala ndi amayi kuseri kwa nyumba mpaka dzuwa kupendeka, ine atandituma kukasewera. Nditabwerako ndinapeza maso a amayi ali ofiira, ndipo anati nkhuni zinali zaziwisi. Ndinafuna kusangalatsa malume, choncho ndinaima pakhomo, ndinabweza manja kumbuyo n'kuyamba kuti, "Ikani pansipo." Sindinafike patali. Amayi anandigwira pamkono mpaka zikhadabo kulowa.

"Zimenezo zithere pomwepo. Kuchitseko kuja usapitekonso."

"Chifukwa chiyani, amayi?"

"Ndanena."

Malume anayang'ana pansi. M'mawa mwake anabwerera, atauza amayi kuti akakonzeka atumize mawu.

Ndinakana kudya. Ndinakhala masiku osalankhula ndi amayi, ndikumva anzanga akugogoda kuseri kwa shikola popanda wowatsegulira. Kenako a Dona anabwera okha kunyumba kwathu, atakwiya kale, akuyenda mofulumira ngati akukagwira wakuba. Amayi anawayalira mphasa n'kundituma kumjigo. Ndinathamanga kuti ndisaphonye mkangano, madzi akutayikira pamsana. Koma nditafika panalibe mkangano. Awiriwo anali atakhala pamphasa, mapewa atagundana, a Dona atagwira fodya wosayatsa. Amayi Chipwitikizi ankachidziwa cha kuchipatala chokha, cha kutentha thupi ndi mabala. Sindikudziwa kuti anagwiritsa ntchito mawu ati.

Amayi anandilola kubwerera, ndipo ndinayesa kuti a Dona apambana. Koma tsiku lotsatira anatiuza kuti sewero lasintha. Mlendo wa gombeza anamuchotsa. Pa kugogoda komaliza tsopano pankalowa ana a makasu, mkaziyo n'kutenga khasu lake n'kuwatsatira. Aphunzitsi anasangalala kwambiri. Ine ndinamva ngati andilanda chakudya pakamwa. Mawu anga onse, amene ndinawanena mpaka nkhuku kuwaloweza, anapita. Ndinangotsala wotsegulira mbuzi chitseko.

Ndinawafunsa ngati ndinkalakwitsa. Anati ayi. Ndinawafunsa ngati apeza wina wondiposa. Anati ayi. Ndinawauza kuti ndasiya kulira monga ankafunira, aone okha, ndipo anatembenuka n'kuyamba kukonza njerwa za chitseko zimene zinali bwinobwino. Kuyambira pamenepo "ji novu" anasowa pakamwa pawo. Tikachita kanthu mwaulesi ankangoti zili bwino. Mayi amene anabweza mnyamata chifukwa cha khoma losaoneka tsopano ankangoonerera mbuzi ikuiwala malo ake. Ndinawada chifukwa cha zimenezo kuposa mmene ndinadera amayi.

Ngakhale sewero lopundukalo silinaoneke. Alendo a ku Tete anazengereza chifukwa mlatho wina unali utaphwasulidwa, ndipo tsiku lina limene analonjeza linadutsanso, ife titasesa bwalo n'kudzola mafuta m'miyendo. Mwana amene ankasewera ngati woledzera makolo ake anamuwolotsa malire kupita ku Malawi. Wopempha mchere anapita kumunda ndi azakhali ake ndipo onse sanabwerere. Aphunzitsi anayamba kufika m'mawa ali ndi udzu m'malaya. Kenako mfuti zinalira tsidya la mtsinje dzuwa likutuluka, ndipo masana ake asilikali anabwera kuseri kwa shikola, anagwetsa njerwa, n'kunyamulira mnzawo wovulala pa chitseko chathu. Ndinachiona chikulowa chogona m'chipatala, magazi akutsikira pa utoto wobiriwira uja. Ndinathamangira kwa a Dona kukawauza kuti akachitenge. Anali akulongedza katundu. Lamulo linali litabwera loti alendo onse a kunja achoke m'maboma a kutali.

Ananyamuka ndi kolona m'mawa wina wa fumbi, tchire litayamba kupsa, phulusa la udzu likugwa ngati ntchentche. Pamsika panali anthu ambiri olimbirana malo pamwamba pa matumba. Amayi anabwera kudzatsanzikana ndi a dotolo, ine ndili pambuyo pawo. A Dona anali atakhala kale kumbuyo kwa kamiyao, miyendo ili lende, ndipo atandiona anatambasula dzanja. Sindinalilandire. Ndinali nditaganiza usiku wonse kuti asapite asanaone chimene anataya. Ndinaima m'fumbimo, ndinabweza manja kumbuyo, n'kuyamba.

"Ikani pansipo. Musandipatse m'manja. Ndikaligwira ndiye kuti ndavomera."

Injini zinkalira, koma amene anali pafupi anamva. Mayi wina wogulitsa nyemba anasiya kuyeza. Ndinapitiriza za denga lodontha, kuti udzu ndamweta kale, uli kuseri, akangofika adzafolera mvula isanayambe. Sindinalire. Ndinagwira misozi monga anandiphunzitsira, ndipo ndinamva m'thupi monse kuti ndikuchita bwino kuposa masiku onse. A Dona anadumpha pa kamiyao, anandifikira, n'kunditseka pakamwa ndi chikhatho chonunkha fodya. Sankayang'ana ine. Ankayang'ana kumbuyo kwanga, kumene amayi anali atakhala pansi pafumbi, pakati pa msika, atavala chovala chawo choyera cha kuntchito.

"Shega, filya," anatero chapansipansi. Yakwana, mwanawe.

Msilikali wina anawakalipira kuti akwere. A Dona anapita kwa amayi, anagwada, anawagwira mutu kanthawi kochepa, n'kuthamangira galimoto imene inali itayamba kale kuyenda. Ine sananditsanzike. Ndinatsala ndi theka la mawu m'kamwa, ndikukhulupirira kuti ndalephera pamaso pa msika wonse, ndipo kuti mkazi wa m'kanema wathawa osandiuza pomwe ndinalakwitsa.

Sindinamvenso za iwo. Sindikudziwa ngati anafika ku Tete bwino, ngati anabwerera kwawo asilikali atachoka pampando, ngati wina anadzawapatsanso malo osakhala a kukhitchini. Chimene ndikudziwa n'choti masewero awiri amene anawaikira mtima, lina mumzinda waukulu, lina pansi pa bulugama, onse anathera pokonzekera. Lachiwirilo anayamba kuliphwasula ndi manja awo nkhondo isanalifikire, ndipo zimenezi ankazichita akundiyang'ana ine ndikuwada.

Patapita masiku ochepa malume anabwera kudzatitenga. Chovala choyera chija amayi anachikwirira kuseri kwa chimbudzi pamodzi ndi khadi la kuntchito, n'kuvala sanza ngati mlimi. Tinayenda wapansi m'njira za kutchire, kupewa misewu, tikudya chinangwa chachiwisi ndi masuku osapsa. Njira yonse ndinkafunsa kuti bambo akabwera n'kupeza nyumba yotseka adzadziwa bwanji kumene tapita. Malume ankati ndisunge mpweya, phiri likubwera.

Tinafika ku Ntengo-Wambalame mphepo ikuwomba m'minda ya kachewere yokumbidwa kale. Amayi atangoona denga la kwawo anayamba kulira mokuwa, akazi a pamudzi n'kutuluka kudzawagwira, nawonso akulira. Ndinayesa kuti ndi chimwemwe choti tapulumuka. M'mawa mwake anatikhazika pamphasa kuseri kwa nkhokwe, azakhali ena n'kubwera ndi lumo ndi madzi ofunda m'beseni. Anayamba kumeta amayi, kenako ine. Nditafunsa chifukwa chake, wina anati tatenga nsabwe m'njira.

Panapita nthawi ndisanauzidwe kuti kamiyao ya bambo inaotchedwa m'njira ya ku Tete kupitirira Chidzolomondo chisanu chisanafike pakati, kuti malume anayenda ulendo wonse uja wapansi kudzanena zimenezo, ndi kuti amayi anaganiza zosunga maliro m'mimba mpaka atandifikitsa pakati pa abale. Mpaka lero sindigwirizana nawo, ngakhale sindikudziwa kuti ine ndikanatani. Koma m'mawa umenewo ndinalibe nazo ntchito zonsezi. Ndinaona tsitsi langa likugwera pa tsitsi la amayi, ndinagwira mpala wanga wozizira, ndipo mkwiyo unandibwerera. Ndinafunsa amayi, pamaso pa akazi onse aja, kuti nkhondo ikatha a Dona n'kubwera kudzamaliza sewero, ndidzakhala bwanji mkazi wa munthu ndili wopanda tsitsi. Amayi anasesa tsitsi lonse ndi manja, analimanga m'kansalu, n'kunena kuti lidzakhala litamera.